Flash yoyamba ndi trigger yake: yankho kwa wojambula wa ku Salima

Funso

"Ndimajambula zithunzi kuno ku Salima, ndimakhala cha ku Kamuzu Road. Ndili ndi Canon 600D yogula kwa munthu, lens ya 18-55 ndi ina ya 50mm. Ntchito zanga ndi zinkhoswe, maukwati, komanso anthu obwera kudzacheza ku Senga Bay. Tikalowa m'holo kapena kukada, kaflash ka pa kamera kamandichititsa manyazi: nkhope za kutsogolo zimayera mbuu, kumbuyo kuli bii. Kunyanja nako nkhope zimada pomwe madzi akuwala. Ndasungako kandalama. Mnzanga akufuna kundigulitsa Yongnuo YN560 yake, ena akuti ndipirire ndigule Godox. Ndiyambe ndi iti? Nanga trigger ndi yofunikadi pakadali pano?"

Yankho

Achimwene, ndikuuzirenitu chomwe ndingagule nditakhala inu, zifukwa zibwere pambuyo. Ndingagule Godox TT685II yokhala ndi chilembo C kumapeto kwa dzina, poti kamera yanu ndi Canon, ndi trigger (kachida koika pa kamera kolamula flash ili patali kudzera pa wailesi) ya kampani yomweyo, X2T kapena XPro, nayonso ya C. Pamwamba pa izi sitandi imodzi, kachitsulo komangira flash ndi ambulera pa sitandipo, ambulera yoyera, mabatire a AA ochaja ndi chaja yake. Ndalama ikapanda kukwanira zonsezi pakamodzi, yambani ndi flash ndi mabatire, trigger ibwere mwezi wina. Chomwe sindikufuna n'chakuti mutole flash yotchipa ya kampani ina lero n'kumati za trigger ndidzaziona kutsogolo. Anthu amagula kawiri chifukwa cha zimenezo.

Flash yoyamba imakusankhirani zonse zodzabwera pambuyo pake. Ma trigger a wailesi pafupifupi onse amagwira pa 2.4GHz, koma kampani iliyonse ili ndi chiyankhulo chakechake. Trigger ya Godox singauze flash ya Yongnuo kuti ichepetse mphamvu, ya Yongnuo nayo siidziwa za Godox, ndipo Canon ili ndi njira yake ya wailesi yomwe inayamba ndi flash ya 600EX-RT mu 2012. Zili ngati mayunitsi a TNM, simungawalowetse pa laini ya Airtel ngakhale foni ili yomweyo. Choncho musanafunse kuti flash yabwino ndi iti, dzifunseni kuti chaka chamawa ndikadzafuna nyali yachiwiri, kapena yamphamvu yolimbana ndi dzuwa la kunyanja, kodi trigger ndagulayi idzaziyendetsa zonse? Kwa Godox yankho ndi inde. Kuyambira TT600 yotchipa ija mpaka nyali zikuluzikulu za AD200 ndi AD600, zonse zili ndi wailesi m'kati ndipo zimamvera trigger imodzi. Mukadzasintha kamera, mwina kupita ku Nikon kapena Sony, nyali za pa sitandi zidzagwirabe ntchito, mudzangogula trigger ya kamera yatsopanoyo. N'chifukwa chokhachi ndikuitchula kampaniyi. Sindikunena kuti zinthu zake sizifa.

YN560 ya mnzanuyo si yoipa. Ojambula ambiri aphunzirira ntchito pa iyo ndipo imapirira nkhanza. Kungoti dziwani chomwe mukugula. Ndi ya manual yokha, ndiye kuti mphamvu mumaika nokha, ilibe TTL (kamera kusankha yokha mphamvu ya flash), ilibe HSS (kuomba pa shutter yothamanga kwambiri). Ikakhala YN560 III kapena IV ili ndi wailesi m'kati ndipo mungasinthe mphamvu yake muli patali pogwiritsa ntchito trigger ya YN560-TX. Zoyambirira ziwiri, YN560 ndi YN560 II, zilibe. Chinanso, Yongnuo inapanga mabanja angapo a ma trigger, la 560 ndi RF-603, la 622, ndi lina lotsanzira la Canon, ndipo sikuti onsewa amamvana bwinobwino. Mnzanuyo akatsitsa mtengo kwambiri itengeni ikhale ya sipeya, yodzakuombolani tsiku lomwe inayo yakana pakati pa ukwati. Koma musamangirepo nyumba.

Tsopano za nkhope zoyera mbuu zija, chifukwa mukapanda kumvetsa chomwe chikuchitika mudzagula flash yaikulu n'kumatulutsa zithunzi zomwezo. Kuwala kumatha mphamvu msangamsanga kukamapita patali: mtunda ukawirikiza kawiri, kumatsala gawo limodzi mwa magawo 4. Tiyerekeze muli pa perekaniperekani. Mayi wina akuvina akuponya ndalama ali mamita 2 kuchokera pomwe mwaima, akwati ali pa mamita 4, achibale ovala nsalu yofanana ali pa mamita 8. Flash ikawalitsa bwino mayiwo, akwati alandira kota ya kuwalako, a kumbuyo aja gawo limodzi mwa 16. Palibe flash, idule motani, yomwe ingathyole lamulo limeneli ili pamwamba pa kamera italoza kutsogolo. Kuwonjezera apo, kaflash ka pa 600D ndi kakang'ono ndipo kali pafupi kwambiri ndi lens, moti kuwala kumamenya nkhope chamaso n'kubwerera molunjika. Pa khungu lathuli, makamaka munthu akatuluka thukuta monga zimakhalira ku Salima mu Okutobala, chipumi, mphuno ndi masaya zimangoti ng'aning'ani, zodzoladzola za mkwatibwi n'kuoneka zotuwa.

Chothandiza n'kuchotsa kuwala pa mzere wa lens, kukukulitsa kuti kufewe, ndi kulola magetsi a m'holomo kuti nawo alowe pa chithunzi. Chomalizachi sichilira ndalama, mungayambe Loweruka likudzali. Ikani kamera pa M (pomwe zonse mumasankha nokha), ISO (momwe kamera imamvera kuwala) 800 kapena 1600, shutter (nthawi yomwe kamera yatsegula) 1/60 ya sekondi, aperture (bowo la lens, lomwe limalembedwa ndi f) yotseguka momwe lens ikulolera. Jambulani kaye popanda flash mpaka kumbuyo kuyambe kuoneka, ngakhale moderako. Flash ingodzamalizitsa pa anthu omwe ali pafupi. Musaope kuti 1/60 igwedeza ovina. Kuwala kwa flash kumangoti phethi, ndipo ndi kumene kumaimitsa munthu wa kutsogolo.

Njira yomwe mumaona pa YouTube, yolozetsa mutu wa flash kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa, imagwiradi. N'chifukwa chake flash iliyonse yomwe mungagule iyenera kukhala ndi mutu wopindikira m'mwamba komanso wotembenukira mbali zonse ziwiri. Koma anzathu aja amajambula m'zipinda za siling'i yoyera, yotsika. Yotereyi mudzaipeza m'mahotela a ku Senga Bay. Komwe ntchito zanu zambiri zimachitikira mudzapezako holo ya sukulu ya malata opanda siling'i, tchalitchi cha denga lalitali, tenti yokongoletsedwa ndi nsalu za pinki kapena zobiriwira, mwinanso pabwalo pansi pa mtengo wa mango. Malata akale ndi mitengo ya kudenga zimameza kuwala. Nsalu ya mtundu imabweza kuwala kwa mtundu wake, diresi loyera n'kusanduka la pinki. Tenti yoyera kapena khoma lopaka laimu ndiye anzanu. Apa m'pamene ndikuyankha funso lanu lachiwiri: kwa wojambula wa kuno trigger si chinthu chodzionetsera. Denga lobweza kuwala likasowa mumayenera kudzipangira nokha, ndiye kuti flash pa sitandi, ikuwomba mu ambulera, itaikidwa cham'mbali ndi m'mwamba pang'ono kuposa mitu ya anthu.

Zikafika, yeserani kunyumba musanapite nazo ku ntchito ya munthu. Khazikani wina pa mpando madzulo. Ambulera ikhale mita imodzi ndi theka kuchokera pankhope pake, chakumanja kwanu, yoweramira pansi pang'ono. Flash pa manual 1/16 ya mphamvu yake, kamera pa ISO 400, f/5.6, 1/125, ndipo muonjezere kapena kuchepetsa mphamvu malinga ndi zomwe zatuluka. Yang'anitsitsani nkhopeyo. Pansi pa mphuno pabwera kamthunzi kopendekera mbali imodzi, tsaya limodzi liwala linalo liderako, m'diso lililonse muoneka kadontho koyera. Kunyezimira kwa pachipumi sikutha, koma kutambalala n'kufewa, ndipo kunyezimira kofewa kumeneko n'kumene kumaonetsa maumbidwe a nkhope ya munthu wakuda. Kenaka sunthirani ambulera mamita 3 kutali muone mthunzi ukuuma, chipumi chikubwerera ku ng'aning'ani. Madzulo amodzi otere akuphunzitsani zambiri kuposa kuwerenga yankho langali.

Pa nkhani ya TTL ndimasiyana ndi akatswiri ena. Adzakuuzani kuti wojambula weniweni amagwiritsa ntchito manual basi. Flash ikakhala pa sitandi ndimagwirizana nawo. Akwati aima pamodzi, magulu akusinthana, akuchikazi, akuchimuna, ankhoswe, a kwaya. Mtunda sukusintha, ndiye mphamvu isasinthe, zithunzi zonse zituluke zofanana. Koma inu mumagwira ntchito nokha, ndipo theka la ukwati limachitika anthu akuyenda. Pa TTL flash imaponya kaye kakuwala kochepa shutter isanatseguke, kamera imayeza, kenaka n'kulamula mphamvu yoyenera, zonsezi m'kuphethira kwa diso. Anyamata ndi atsikana operekeza akwati akamalowa akuvina, kuchokera mamita 6 kufika pamaso panu, mulibe nthawi yodina mabatani. Komanso flash ya TTL mungaiike pa manual nthawi iliyonse, pomwe ya manual singasanduke ya TTL. Yoyamba ikhale ya TTL.

TTL nayo imanamizika, musaikhulupirire kwambiri. Kamera imafuna kuti chilichonse chioneke chapakatikati, chosayera kwambiri, chosada kwambiri. Chithunzi chikadzaza ndi diresi loyera, kapena azibambo ovala mikanjo yoyera pa nikah ndi pa Eid, imaganiza kuti kwawalitsa, imachepetsa mphamvu, nkhope n'kuda. Masuti akuda akachuluka imaonjezera mpaka kuwotcha nkhope. Phunzirani batani loonjezera ndi kuchepetsa mphamvu pa TTL mpaka chala chizilipeza osayang'ana: zoyera zikachuluka kwezani +2/3 kapena +1, zakuda zikachuluka tsitsani. Jambulaninso RAW (fayilo yosunga zonse zomwe kamera yaona, yokonzeka bwino pa kompyuta), chifukwa diresi loyera pafupi ndi khungu lakuda ndi mayeso aakulu kwa kamera ya 2011 ngati yanuyi. XPro ili ndi batani la TCM lomwe limatenga mphamvu yomwe TTL yasankha n'kuikhomerera pa manual. Kwa munthu wongoyamba n'lothandiza zedi: muombe kamodzi pa TTL, zikakoma dinani TCM, gulu lonse lijambulidwe ndi kuwala komweko. X2T ndi yaing'ono ndipo ili ndi malo pamwamba pake oikapo flash ina. Ine ndingatenge XPro chifukwa cha sikirini yake yaikulu yooneka magulu onse pakamodzi, koma kusiyana kwake si koti kukusowetseni tulo.

Wina akuuzani kuti trigger n'kutaya ndalama poti 600D imatha kulamula flash ina ndi kaflash kake komwe. N'zoona, Canon inaikamo zimenezo, ndipo ma flash ambiri otchipa ali ndi S1 ndi S2, zomwe zimaombetsa flash ikangoona kuwala kwa inzake. S1 imaomba pa kuwala koyamba, S2 imadumpha kakuwala koyezera ka TTL kaja n'kuomba pa kwachiwiri. Poyeserera kunyumba n'zabwino. Pa ntchito zimakhumudwitsa. Flash imayenera kuona kuwala koilamulako, ndiye pa dzuwa la kunyanja kadiso kake sikaona kanthu, m'holo munthu akangoima pakati yaphonya. Choipitsitsa, aliyense wobwera ndi kamera yake pa ukwatiwo azikuombetserani flash yanu, mabatire n'kutha mukuyang'ana. Wailesi siifuna kuona. Opanga amati imafika mamita 100. Ngakhale mutapeza theka lake, ndi mtunda wautali ndithu.

Pali njira ina yomwe ingakuthandizeni ngati ndalama ili yolimba. TT685II ikakhala pamwamba pa kamera imatha kugwira ntchito ya trigger, kulamula ma flash ena a Godox. Ndiye mukhoza kugula iyoyo poyamba, kenaka TT600 yokhala pa sitandi pakona pa holo, trigger yapayokha n'kubwera pomaliza. Pa phwando la usiku njira imeneyi ndi yomwe ndimaikonda. Ya pa kamera ikuwalitsa wovina, ya pakona ikudzutsa kumbuyo komwe kumada bii kuja. Flash ya pa kamera ndi trigger zonse zili ndi kanyali kofiira kothandiza lens kupeza munthu mu mdima, moti muiwala zija 600D imachita, zophethiraphethira kaflash anthu n'kutsinzina musanajambule.

Chilembo chija cha kumapeto kwa dzina la flash musachipeputse. C ndi Canon, N ndi Nikon, S ndi Sony, F ndi Fujifilm, O ndi Olympus ndi Panasonic. Ya N ikhoza kulowa pa Canon yanu, mwinanso kuomba, koma TTL siigwira, ndipo wogulitsa wosadziwa adzakuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi. Kwa owerenga ena omwe ali ndi Canon 2000D, 4000D kapena 250D pali msampha wina. Yang'anani pamwamba pa kamera pomwe flash imalowa. Makamera ambiri a mitundu imeneyi anatuluka opanda kachitsulo kakakulu ka pakati, ndipo flash ya manual ngati YN560 kapena TT600 imadalira kachitsulo kameneko, moti siiomba n'komwe. Pamafunika ya TTL kapena trigger yomwe yakonzedwa kuti izigwira pa makamera amenewa, ndipo muyese musanalipire. Canon R50 nayo imafuna adapter ya AD-E1 kuti ilandire ma flash a masiku onse. Yanu 600D ilibe vuto limeneli. Koma mukapeza flash yakalekale ya nthawi ya filimu mu kaunjika, musaiike pa kamera. Zina mwa izo zimatulutsa magetsi oposa 200 volts pa phazi lake ndipo zingakuphereni kamera.

Tipite kunyanja, komwe ambiri amakhumudwa ndi flash yatsopano. Pa bokosi la TT685II ndi TT600 palembedwa guide number 60. Nambalayi mukaigawa ndi f yomwe mwaika mumapeza mamita omwe flash ingafike pa ISO 100. Koma 60 ija amayeza mutu wa flash utapanikiza kuwala pa 200mm. Mukautambasula kuti ukwane banja lonse, cha pa 35mm, nambalayo imatsika kufika m'ma 30. Dzuwa likakhala paliwombo, pa ISO 100 ndi shutter 1/200 mumafunika f/11. Gawani nokha: mwatsala ndi mamita 3, flash ili pa mphamvu yonse, yopanda ambulera. Mukaika ambulera mtundawo umatsika ndi theka. Ndiye zithunzi zija mumasirira pa Instagram, munthu wowala mofewa masanasana kumwamba kuli buluu woderapo, kawirikawiri sizichokera ku flash ya mabatire a AA. Ndi ntchito ya AD200, yomwe mphamvu yake ndi ngati ma flash atatu otere, kapena zokulirapo. Chomwe flash yanu ingachite bwino masana n'kuchotsa mthunzi wa m'maso ndi wa pansi pa chipewa, muli pafupi ndi munthuyo. Zimenezo zokha zisintha kale zithunzi zanu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji osangokweza shutter. Shutter ya 600D ili ndi makatani awiri. Mpaka pa 1/200 pamakhala kamphindi komwe loyamba latsegula lonse lachiwiri lisanayambe kutseka, ndipo flash imaomba pa kamphindi kameneko. Mukapitirira apo, lachiwiri limanyamuka loyamba lisanafike, moti pamangoyenda kampata. Flash ikaomba kamodzi iwalitsa kampata kokhako, mbali ina ya chithunzi n'kutuluka yakuda. HSS imathetsa izi poombetsa flash mobwerezabwereza mothamanga kwambiri nthawi yonse yomwe kampatako kakuyenda. Ndi HSS mungaike 50mm yanu pa f/2.8 ndi 1/4000 dzuwa likuswa mtengo, madzi ndi chilumba n'kusungunuka kumbuyo kwa munthu. Mtengo wake ndi mphamvu: imatsika kwambiri, mabatire amatha msanga, flash imatentha, ndipo iyenera kukhala mita imodzi kapena awiri kuchokera pa munthu. HSS ndi yofewetsera kumbuyo, si yogonjetsera dzuwa.

Chomwe chingakupulumutseni kuposa chida chilichonse ndi momwe gombe lathu lakhalira. Salima ndi Nkhotakota zili kumadzulo kwa nyanja. Dzuwa limatulukira pamadzi n'kukalowa kumtunda. M'mawa munthu akaima atafulatira nyanja, dzuwa lili kumsana kwake, ndipo m'pamene nkhope imada madzi akuwala, monga mwadandaulira. Ikakwana 3 kapena 4 koloko madzulo dzuwa limakhala kumsana kwanu, likuwalitsa nkhope ndi madzi pamodzi, flash n'kutsala ndi ntchito yochepa. Pokonza ndondomeko ya tsiku ndi akwati, kambanitu kuti zithunzi za kunyanja zikhale madzulo. Alendo ogona ku Senga Bay ofuna chithunzi dzuwa likutuluka auzeni alawirire. Dzuwa likadali lofiira pamwamba pa madzi limakhala lofooka, ndipo TT685II mu ambulera imalimbana nalo bwinobwino. Pakangotha mphindi zochepa lakula mphamvu, mwayi wapita.

Mphepo ya mwera, yomwe imavuta miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndi mdani wa ambulera. Imagwetsa sitandi kamodzin'kamodzi, ndipo chomwe chimathyoka nthawi zambiri ndi phazi la flash. Mchenga ulipo waulere pomwepo, dzazani kathumba mupachike pa sitandi. Kuposa apo pezani mnyamata woti azigwira, mum'patse kangachepe, yemweyo azikunyamulirani kuwala kutsata akwati. Mphepo ikakula pindani ambulera muombe ndi flash yokha. Mukabwerera kunyumba pukutani mchenga m'mapindo a mutu wa flash musanaitembenuze, ndipo musaisunge m'chikwama chonyowa.

Za mabatire ndaganizapo kwambiri, chifukwa apa m'pamene ena angatsutsane nane. Godox V860III ndi flash yomweyo koma ya batire la lithium. Opanga amati imaomba ka 480 pa mphamvu yonse ndipo imadzazanso m'sekondi imodzi ndi theka, pomwe ya AA imaomba kopitirira 200 ndipo imachedwerako. Wojambula wa ku Lilongwe wokhala ndi maukwati sabata iliyonse ndingamuuze atenge imeneyo. Inu ndikuti AA chifukwa batire la lithium ndi la flash yokhayo. Likafa kapena mukaliiwala pa chaja kunyumba, simulipeza pa Kamuzu Road, ku Chipoka kapena ku Lifuwu, pomwe a AA ali m'golosale iliyonse. Komabe a m'golosale ndi a pangozi chabe. Otchipa aja a mu tochi ndi mu wailesi flash imawamwa nthawi yochepa, ndipo mumadikira mpaka mwambo kudutsa. Pangozi funani olembedwa alkaline. A masiku onse akhale a NiMH ochaja, monga Eneloop a Panasonic. Alembedwa 1.2V, ocheperako poyerekeza ndi 1.5V ya alkaline, koma amadzaza flash msanga chifukwa amatulutsa magetsi ambiri pakamodzi. Flash imadya 4, trigger 2. Gulani 12, muwalembe ndi pentopeni m'magulu a 4 kuti gulu lililonse lizichajidwa ndi kugwira ntchito limodzi. Chaja ikhale yochaja batire lililonse palokha, ndipo ikakhala ya USB ndiye bwino, poti magetsi akathima Lachisanu usiku muchajira pa power bank kapena pa sola. Mukamasunga flash masiku angapo chotsani mabatire. Alkaline akadontha m'kati amadya tizitsulo.

Kutentha nako kuli ndi gawo lake. Mukaomba mondondoza pa mphamvu yonse maulendo 30, flash ya Godox imadziteteza yokha, imayamba kuchedwa dala mpaka izizire, ndipo mu Novembala wa ku Salima kuzizirako kumatenga nthawi. Ichi n'chifukwa china chokwezera ISO. Pa ISO 800 flash imagwira ntchito pa 1/8 yomwe pa ISO 100 ikanafuna mphamvu yonse. Siitentha, mabatire amakhalitsa, ndipo imakhala yokonzeka musanadine kachiwiri.

Mitengo ya m'makwacha sindilemba. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika. Pomwe ndinkaona mitengo, m'masitolo a kunja TT600 inkagulidwa cha pa madola 65, TT685II cha pa 130, trigger cha pa 60 kapena 70, V860III kupitirira 200, AD200Pro cha pa 350, musanaonjezere zotumizira ndi msonkho. Manambalawa akuthandizeni kuona ngati wogulitsa pa Facebook akukudyerani masuku pamutu, kapena ngati mtengo watsika mokayikitsa. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu yemwe simunamuone. Kwerani minibasi ya ku Lilongwe kamera ili m'chikwama, ndi mabatire anuanu odzaza.

Mukafika, makamaka ngati ndi yogwiritsidwa kale ntchito, tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati tizitsulo tili ndi zoyera kapena zobiriwira, chizindikiro choti munadontha batire. Gwedezani phazi lake lili pa kamera, lisachite gwedegwede. Tembenuzani mutu mbali zonse mumve ngati ukugwira pamalo pake. Yang'anani galasi la kutsogolo, likakhala lachikasu kapena losungunuka pakati ndiye kuti mwini wake ankaiwotcha. Iikeni pa 1/1, muombe, muwerenge masekondi mpaka kanyali kayakenso. Ndi mabatire abwino a NiMH isapitirire masekondi 3. Sinthani zoom ya lens mumve kamota ka m'mutu kakutsatira. Pomaliza ichotseni pa kamera, muike trigger, mutuluke panja muombe muli patali, mukusintha mphamvu, muone ngati nambala ikusinthadi pa flash.

Chotsala n'chaching'ono koma chimasokoneza ambiri pa ntchito yoyamba. Godox ili ndi ma channel (njira za wailesi) 32, ndipo pafupifupi aliyense amasiya pa channel 1 momwe inabwerera. Mukakumana pa ukwati umodzi ndi wojambula wobwera ndi akuchimuna kuchokera ku Lilongwe, nayenso wa Godox, muzidzaombetserana ma flash osadziwa chomwe chikuchitika. Sankhani channel ina, muikenso nambala ya ID, pakati pa 01 ndi 99, yofanana pa trigger ndi pa flash iliyonse, ngati zonse zili ndi poikapo ID. Muchite izi kunyumba, osati akwati ali pakhomo la tchalitchi. Ndipo musanaimike sitandi m'tchalitchi kapena pafupi ndi mzikiti, kaonaneni kaye ndi abusa, ansembe kapena ashehe. Ena salola flash nthawi ya malumbiro kapena ya pemphero, ndipo pamenepo muike 50mm yanu pa f/2 ndi ISO 1600, flash ikadikire panja.